Nkhumba ndi ma noodles mkati mwa sabata: chakudya cha msanga, nyama yopsa bwino

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata. Ndimaweruka 17 koloko, ndipo pofika pakhomo ana amakhala ali ndi njala, homuweki ikudikira, zovala za mawa zosasita. Anawa amakonda ma noodles, koma ine ndimaona ngati si chakudya chenicheni. Bambo awo amakonda nyama ya nkhumba. Ndinayesa kuphatikiza ziwirizi, koma nyama inalimba, ma noodles anasanduka phala, mchere n'kuchuluka. Ndimaopanso kuti nkhumba yophika mwachangu ingatidwalitse. Kodi pali njira yophikira msanga, chakudya n'kukhala chokoma ndiponso chosaopsa?

Yankho: Amayi anzanga, njira ilipo, ndipo manja akazolowera mudzatha kuika chakudya patebulo pasanathe mphindi 30. Koma ndiyambe ndi mantha anu aja, chifukwa ndi oyenera ndipo sindikufuna kuti muwataye. Nkhumba ya kuno kwathu siidyedwa yofiira mkati, ngakhale pang'ono. Changu cha chakudya chimenechi chimachokera ku mpeni. Nyama yodulidwa mopyapyala imapsa mpaka mkati pa mphindi zochepa, pamene nthuli zazikulu zimene tinazolowera pophika ndiwo za nsima zimafuna ola lathunthu. Mukadula bwino, simudzafunika kuphula nyama isanapse pofuna kuthamangira nthawi.

Tiyambire kumsika. Chigawo chathu cha Kum'mawa chimaweta nkhumba zambiri, ndipo m'midzi ya ku Katete, Sinda, Petauke ndi Chadiza zochuluka zimatayiridwa kuti zikadzifunire zokha chakudya, makamaka anthu akakolola. Pamudzi pamene zimbudzi zili zochepa, nkhumba imadya zonyansa za anthu. Ikameza mazira a njoka ya m'mimba, mazirawo amaswa n'kukakhazikika m'minofu yake. Amenewo ndiwo masese aja: timatuza toyera tokhala ndi madzi mkati, tofanana ndi njere ya mpunga. Timapezeka kwambiri pa lilime, m'masaya, pamtima, paphewa ndi pantchafu. N'chifukwa chake ogula nkhumba zamoyo odziwa ntchito yawo amayamba aigwetsa pansi n'kuyang'ana kunsi kwa lilime asanatulutse ndalama.

Munthu akadya nyama ya masese yosapsa bwino, m'matumbo mwake mumakula njoka yaitali yaphanthiphanthi. Njokayo payokha mwina siingamuvutitse kwambiri, koma mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena pamasamba osatsuka, tizilombo take timatha kukafika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Akatswiri a University of Zambia akhala akufufuza vuto limeneli m'maboma a Katete ndi Petauke, chifukwa ndi lodziwika kwathu kuno. Ndikunena izi osati pofuna kuti musiye nkhumba. Ndikufuna kuti muone kuti mbale imodzi yosapsa ingathe kubweretsa matenda pa banja lonse, ngakhale pa mwana amene sanadye nawo.

Choncho gulani nyama yoyezedwa. M'mabutchala ovomerezeka a m'tauni ndi mu Shoprite mumapezeka nkhumba yochokera m'makola, imene yadutsa m'manja mwa oyeza nyama. Ngati mukugula pamsika, uzani wogulitsayo acheke mnofu pamaso panu, mozama, pawiri kapena patatu, inu n'kuyang'ana pochekapo. Mukaona ngakhale katuza kamodzi, isiyeni yonse, musavomere zoti achotsa pokhapo. Musagule nyama ya nkhumba yofa yokha, ngakhale mtengo utatsika bwanji. Chigodola cha nkhumba sichigwira anthu, koma simungadziwe chimene chapha chiwetocho, ndipo kunyamula nyama yotero ndiko kumafalitsa matendawa m'makola a anzathu. Nyama yabwino ndi yofiirira pang'ono, yosananda, mafuta ake oyera, yopanda fungo.

Pa chakudya chathuchi mufunika hafu kilo ya mnofu wopanda fupa, ndipo imakwanira anthu asanu chifukwa ikadulidwa mopyapyala imafika mu supuni iliyonse. Ine ndimakonda ya paphewa kapena pakhosi, chifukwa ili ndi timizere ta mafuta mkati timene timaiteteza kuti isaume. Ya pantchafu ndi yabwinonso, koma ndi yowuma, imafuna chisamaliro chimene ndifotokoze pansipa. Ya pamimba, ya mafuta ambiri ija, imakoma zedi, ndipo mukaigwiritsa ntchito musathirenso saladi mu pani, mafuta ake omwe amakwana. Chikopa chotsani, sungirani tsiku la nyemba.

Tsopano mpeni. Unoleni, chifukwa mpeni wobuntha umang'amba nyama m'malo moidula. Ikani mnofuwo pathabwa n'kuuyang'anitsitsa: muona kuti uli ndi timizere toyenda mbali imodzi. Mpeni wanu udutse timizereto mopingasa, usatsate kumene tikulowera. Apa ndi pamene nyama yanu ija inalimbira, ndikukhulupirira. Mukadula motsata mizere, mano a mwana ndiwo amagwira ntchito yodula ulusi wautaliwo. Mukadula mopingasa, ulusiwo mwaufupikitsa kale. Chidutswa chilichonse chikhale chopyapyala pafupifupi mamilimita atatu, chotalika mokwana kulowa m'kamwa kamodzi. Ngati nyama ikuterera, iikeni mu firiza kwa mphindi 20 kapena 30 kuti iume pang'ono osachita kugwa ayezi, mudzaona mpeni ukuyenda bwino. Koma masamba ayambe ndiwo kudulidwa pathabwapo, nyama ibwere pomaliza, kenako thabwa, mpeni ndi manja zitsukidwe ndi sopo.

Mukadula, ikani nyamayo m'mbale. Thiranimo supuni yaikulu imodzi ya soya sauce, supuni imodzi ya cornflour (ufa wosalala kwambiri wa chimanga wa m'mashopu), supuni imodzi ya saladi, masupuni awiri a madzi, ndi soda wophikira therere uja wokwana kota ya kasupuni ka tiyi. Sakanizani ndi dzanja, mukufinya pang'onopang'ono mpaka madzi onse atalowa m'nyama, mbale n'kuuma pansi. Isiyeni mphindi 15. Ophika a ku China akhala akufewetsa nyama mwanjira imeneyi kuyambira kale. Soda amachititsa kuti minofu isakungane kwambiri ikakumana ndi moto, motero imasunga madzi ake. Cornflour amakuta chidutswa chilichonse kuti kunja kusaume mkati musanapse, ndipo pamapeto ndiye amene amalimbitsa msuzi. Chenjerani ndi soda: kota ya kasupuni pa hafu kilo, osapitirira. Akachuluka, nyama imamveka sopo m'kamwa ndipo palibe chokonzera. Ngati cornflour mulibe, ufa wosalala wa chinangwa umagwira ntchito yomweyo. Ufa wa nsima ayi, umachita mchenga.

Mphindi 15 zimenezi si zongokhala. Ngati malaiti apita ndipo mukuphika pa mbaula, moto muuyatse musanagwire n'komwe mpeni, kuti pofika pano malasha akhale atayaka onse. Ndipo musaone mbaula ngati tsoka: pa chakudya ichi mbaula ya malasha oyaka bwino imaposa sitovu ya magetsi ya mapuleti awiri, imene imachedwa kutentha ndiponso imazizira msanga mukangoika nyama. Gasi ndi wabwino kwambiri. Ikani madzi a ma noodles pamoto, ndipo akamawira inu mukhale mukumaliza masamba otsala pathabwa lotsukidwa lija: anyezi mmodzi wamkulu, makaroti awiri odulidwa timizere topyapyala, theka la kabichi wapakati, timagawo tinayi ta adyo, ndi kachidutswa ka jinja kosinja. Repu kapena chinese wa kudimba amalowa bwino m'malo mwa kabichi. Mapesi ake aduleni padera ndi masamba, chifukwa sizipsa nthawi imodzi. Masamba onsewa atsukeni ndi madzi abwino n'kuwakhetsa mu sefa kuti asalowe mu pani akudontha.

Tibwere kwa ma noodles amene anakusandukirani phala. Ma noodles a m'mapaketi si aawisi. Kufakitale amawaphika kale ndi nthunzi, kenako ambiri amawakazinga m'mafuta kuti aume. Njira imeneyi anaiyambitsa ndi Momofuku Ando wa ku Japan mu 1958, ndipo ndi yomwe makampani ambiri akutsatira mpaka lero, kuphatikizapo amene amagulitsa kuno monga Indomie, Maggi ndi eeZee, a kampani ya ku Zambia konkuno ya Java Foods imene mayi Monica Musonda anaiyambitsa mu 2012. Madzi otentha amangowadzutsa. Ndiye mukawawiritsa mphindi zonse zolembedwa papaketi, kenako n'kuwaikanso mu pani ya nyama, mwawaphika katatu. Aponyeni m'madzi owira kale, ambiri, opanda mchere, ndipo akangomasuka, pakatha mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri, aphuleni. Lumani kamodzi: pakati pazimveka kulimba pang'ono. Tunganiko kapu imodzi ya madziwo musunge, otsalawo khetsani, ma noodles muwatsire madzi ozizira pang'ono ndi kasupuni ka saladi kuti asamatane. Mapaketi anayi akwana banja lanu.

Supageti nayenso amatheka, ndipo pa banja lalikulu ndiye wotsika mtengo: magalamu 400 kuchokera mu paketi ya 500. Amatenga mphindi 8 mpaka 10, choncho muyambe kumuphika nyama ikangolowa m'mbale ija. Sanakazingidwe m'mafuta, safulumira kufewa, ndipo akatsala amapirira kutenthetsanso. Kunena zoona, pa chakudya cha sabata ndi sabata ine ndingasankhe supageti, ma noodles a m'mapaketi n'kukhala a tsiku limene mwachedwa kwenikweni.

Nkhani ya mchere tiithetse tisanayatse pani. Timapaketi ta zokometsera timene timabwera ndi ma noodles, gawo lalikulu la zili mkatimo ndi mchere. Soya sauce nayenso ndi mchere: supuni yaikulu imodzi imakhala ndi mchere woposa magalamu awiri. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu asanu a mchere patsiku, ndipo ana amafunika wocheperapo. Inu mukathira timapaketi tonse tinayi, soya sauce, kenako dzanja n'kupitanso ku botolo la mchere mwachizolowezi, mbale imodzi imatha kufika kapena kupitirira muyezo wa tsiku lonse. M'nyumba zathu zambiri muli wina wa BP, ndipo ana amene azolowera mchere wochuluka ali aang'ono amakula nacho chizolowezicho. Sankhani chimodzi. Ngati muli ndi soya sauce, timapaketi tisungeni. Ngati mulibe, gwiritsani ntchito tiwiri pa tinayi tija, basi. Mchere wa m'botolo usayandikire mpaka mutalawa pamapeto.

Msuzi usakanizeni m'kapu musanaike pani pamoto: masupuni atatu a soya sauce, kasupuni kodzaza ka shuga, supuni imodzi ya viniga kapena madzi a ndimu, ndi theka la kapu ya madzi a ma noodles aja. Shuga ndi ndimu musazione ngati zokongoletsa. Ndizo zimachititsa kuti chakudya chikome popanda kuwonjezera mchere, ndipo kuwawasa kwa ndimu kumachepetsa kulemera kwa mafuta a nkhumba. Zonse zikhale pafupi ndi moto, nyama, masamba, ma noodles, msuzi ndi mbale yoyera yolandirira nyama yopsa, chifukwa kuyambira pano simudzapeza mpata wokafunafuna kanthu m'kabati.

Tengani pani yotakata kwambiri imene muli nayo, makamaka yachitsulo cholemera. Ngati mulibe, poto wamkulu wotakata pansi ndi bwino kuposa kapani kakang'ono. Itenthe yopanda kanthu mpaka dontho la madzi likagwamo lizithawa n'kuuma pomwepo. Thirani supuni imodzi ya saladi, izungulire pani yonse. Ikani theka lokha la nyama, muiyale kuti chidutswa chilichonse chigunde chitsulo, ndiye chotsani dzanja. Apa ndi pamene ambiri timalephera kupirira: mthiko uli m'manja, mtima ukufuna kutakasa. Isiyeni mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka. Muzimva kulira kwamphamvu kwa mafuta, ndipo m'mphepete mwa zidutswa muona kuyera kukukwera kuchokera pansi. Mukatembenuza chimodzi mupeza kunsi kwafiira mokhathamira, ndipo chikuchoka chokha osamata. Tembenuzani zonse, zipse mbali inayo, kenako takasani kwa mphindi ina imodzi kapena ziwiri.

Chifukwa chogawira nyama pawiri n'chakuti nyama yozizira ikachuluka imaziziritsa pani. Ikatero imatulutsa madzi, kulira kuja kumasanduka kubwata, ndipo nyama imawira m'madzi ake omwe, n'kutuluka yotuwa ndi yolimba. Magawo awiri a mphindi zinayi amafulumira kuposa gawo limodzi lodikira madzi kuti aphwe.

Musanaphule, sankhani chidutswa chokhuthala kuposa zonse, chiduleni pakati, muchiyang'ane powala, ngakhale ndi tochi ya foni ngati kuli mdima. Mkati mukhale moyera kapena motuwa ponseponse, popanda kufiira, ndipo timadzi totuluka tikhale toyera. Amene ali ndi choyezera kutentha kwa chakudya afikitse madigiri 71. Mukakayika, onjezerani mphindi imodzi, nyama yofewetsedwa ndi soda ndi cornflour siilimba chifukwa cha mphindi imodzi. Ndipo chizolowezi cholawa kanyama kali pamoto kasanapse, kapena kupatsa mwana amene waima pafupi akuti "amama ndilaweko", chisiyeni pa nkhumba. Nyama yopsayo ipite m'mbale yoyera, isabwerere m'mbale imene munali yaiwisi.

Zotsalazo ndi zachangu. Pani yomweyo, osatsuka, chifukwa zomata zofiira pansipo ndiko kukoma. Saladi pang'ono, anyezi ndi karoti mphindi ziwiri, kenako adyo ndi jinja. Ziwirizi zimapserera msanga n'kuwawa, choncho zingomveka fungo, theka la mphindi, kabichi alowe. Takasani mphindi ziwiri kapena zitatu. Kabichi afote koma akhalebe wokhwasuka polumwa, asafike pofewa monga timamuphikira pa nsima. Bwezerani nyama pamodzi ndi timadzi take, ikani ma noodles, thirani msuzi mozungulira m'mbali mwa pani. Nyamulani kuchokera pansi ndi mafoloko awiri kapena mthiko ndi foloko, mukutembenuza, osati kuvundula monga nsima, chifukwa ma noodles angaduke. Pakatha mphindi ziwiri msuzi ukhala utalimba n'kumata pa ma noodles, zonse zikunyezimira. Zikauma kwambiri, onjezerani madzi otsala m'kapu muja pang'onopang'ono. Lawani. Pakulirani ana choyamba, kenako akulu athire tsabola wawo, kambuzi kapena piripiri.

Pamwamba pake wazani mtedza wokazinga wosinja pang'ono chabe. Kuno ndi kwawo kwa mtedza, Chalimbana ndi mitundu ina ili ponseponse m'misika, ndipo palibe chifukwa chofunira zokometsera zodula za kunja pamene tili ndi chimenechi pakhomo. Sankhani bwino, wofota ndi wa chuku mutaye. Kwa mwana wosakwana zaka zisanu usinjeni mpaka ukhale nsinjiro, chifukwa njere yathunthu ingamutsamwe, ndipo ma noodles ake muwadule afupike.

Munati mumaona ngati ma noodles si chakudya. Pamene aphikidwa okha ndi kapaketi kawo, mukunena zoona ndithu: ndi ufa wa tirigu, mafuta ndi mchere, ndipo mwana amene wadya zimenezo amamvanso njala asanagone. Koma onani zimene zili m'mbale imene tapangayi. Muli nyama, kabichi, karoti, anyezi, mtedza. Ma noodles angotenga malo a nsima. Muyezo umene ndimapereka ndi wakuti mukayang'ana mu pani, nyama ndi masamba pamodzi zichuluke kuposa ma noodles. Kumapeto kwa mwezi, pamene hafu kilo ya nyama yavuta, gulani kota, muwonjezere kabichi ndi mazira awiri okazinga padera n'kuwaduladula. Soya pieces zoviika m'madzi otentha, zofinya bwino n'kuzikazinga pamodzi ndi nkhumbayo zimatenga fungo lake ndipo ana sadandaula.

Za bambo a m'nyumba simunafunse, koma ndikudziwa kuti funso likubwera, pakuti ambiri mwa ife timati sitinadye ngati sitinagwire nsima. Nyama ndi masamba zimenezi ndi ndiwo zabwino pazokha. Musanaike ma noodles, pakulaniko gawo lawo, muthire msuzi pang'ono, adyere nsima ya kapoto kakang'ono kapena mkute wa masana. Koma ngati tsiku lililonse muziphika miphika iwiri, ndiye kuti simunapume. Ndi bwino kukambirana momasuka kuti masiku awiri pa sabata, mwina Lachiwiri ndi Lachinayi, nyumba yonse izidya chakudya chimodzi chimenechi. Nonse mwachokera kuntchito. Kudula kabichi kapena kuyatsa mbaula bambo angathe, mwana wamkulu angathe kusenda adyo ndi kusakaniza msuzi m'kapu, ndipo mphindi 30 zija zimatsika kufika 20.

Mukazolowera, sinthani kakomedwe kuti asatope nako. Njira imene ana ambiri amaikonda ndi ya chiponde: masupuni awiri a chiponde osungunula m'madzi otentha a ma noodles, soya sauce masupuni awiri, ndimu, ndi shuga pang'ono. Msuzi umenewu umalimba msanga ndipo umapserera, choncho chepetsani moto musanauthire, madzi akhale pafupi. Ndi repu umakoma kwambiri, pakuti repu wotendera tinamuzolowera kale. Ina ndi ya tomato: tomato atatu okhwima bwino, okazinga pambuyo pa anyezi mpaka aphwe madzi, ndi kapaketi kamodzi ka zokometsera m'malo mwa soya sauce. M'miyezi yozizira ya June ndi July, mphepo ikamatsika m'mapiri madzulo, pangani ya msuzi wambiri: mafupa a nkhumba owiritsa Lamlungu ndi anyezi ndi jinja kwa maola awiri amapereka msuzi umene mkati mwa sabata mumangouwiritsa, n'kuikamo nyama yokazinga ija, masamba ndi ma noodles. Nyama yogaya nayo imafulumira kwambiri chifukwa palibe chodula, koma igulidwe pamalo odalirika, popeza yogaya simungaione masese, ndipo ipse mpaka pasatsale pofiira.

Kuno ku Chipata tili ndi anansi ambiri achisilamu ndi a Seventh-day Adventist amene sadya nkhumba. Mwana wa mnzanu akabwera kudzasewera n'kupezeka pa nthawi ya chakudya, funsani kaye musanampakulire. Njira yonseyi imatheka chimodzimodzi ndi chidale cha nkhuku kapena mnofu wa ng'ombe, ndipo pophikira alendo otere gwiritsani ntchito pani ndi thabwa zimene sizinakhudze nkhumba.

Chimene chidzakupulumutseni kwambiri ndi ntchito ya Loweruka kapena Lamlungu. Gulani kilo imodzi, dulani yonse mopyapyala nthawi imodzi, gawani pawiri, thirani soya sauce, cornflour ndi saladi, koma soda musiye, mudzathire tsiku lophika chifukwa akakhalitsa nyama imafewa mopitirira. Ikani m'mapulasitiki oyera, muwaphwatalale kuti akhale opyapyala, ndiye mu firiza. Paketi yophwatalala imasungunuka msanga: m'mawa itsitsireni mu firiji, kapena madzulo iviikeni yotseka bwino m'beseni la madzi ozizira kwa mphindi 20 kapena 30. Musaisiye pasinki tsiku lonse inu muli kuntchito, ndipo musaiviike m'madzi otentha. Kabichi ndi karoti zodula zimakhala masiku awiri kapena atatu m'kontena yotseka mu firiji.

Koma tonse tikukumbuka 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse, ndipo kuzima kwa magetsi sikunatheretu. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi okha. Firiza yodzaza imatha kufika masiku awiri, ya theka tsiku limodzi, ngati ana sakutsegulatsegula. Mabotolo a madzi oundana oikidwa m'mipata amathandiza. Nyama imene yasungunuka koma ikadali yozizira kwambiri iphikeni tsiku lomwelo. Imene yafunda, yayamba kunanda kapena kununkha, itayeni, soya sauce ndi adyo zingabise fungo koma sizichotsa poizoni. Sabata imene magetsi akuvuta kwambiri, kapena ngati firiji mulibe, musasunge nyama yaiwisi: dutsani ku butchala poweruka, mugule ya tsiku lomwelo, muwapemphe akuchotsereni fupa ndi chikopa kuti pakhomo mukangodula.

Zotsala zilowe mu firiji pasanathe maola awiri, ndipo m'nyengo yotentha ya October ndi November pasanathe ola limodzi. Mawa lake tenthetsani mu pani ndi madzi masupuni awiri mpaka nthunzi ituluke pakati penipeni, kamodzi kokha. Ngati usiku umenewo malaiti kulibe, pakulani zonse zidyedwe, ndipo mwana asatengere kusukulu nkhumba imene yagona kunja kwa firiji.